Wotchi Yomwe Inabedwa pa Nkando

Mayi Eneles Mulipa akhala akusunga laibulale ya sekondale yoyendera ya kuseri kwa Chinakanaka kwa zaka khumi ndi zinayi, ndipo m'zaka zonsezo panalibe buku lomwe linawathamangitsapo mtima. Laibulaleyo ndi chipinda chimodzi chomwe kale munkakhala makasu ndi mawilibala. Muli mashelefu asanu, tebulo limodzi, zenera loyang'ana kuphiri, ndi mabuku omwe anthu akufuna kwabwino a kutsidya kwa nyanja anatopa nawo kwawo: lina lophunzitsa kuweta nkhosa m'dziko lozizira, lina la malamulo a pamsewu a mzinda womwe palibe mwana wa pa Chinakanaka adzapondeko. Mabuku oterowo savuta. Amafika, amadindidwa, amakhala pa shelefu mpaka chiswe chitawakumbukira.

Zaka zitatu zapitazo kunabwera kalata yochokera kumwamba. Kumwamba kwake kuti, palibe anafunsa, poti inali ndi chidindo komanso nambala. Kalatayo inati buku lililonse lamphatso liziyamba launikidwa lisanafike m'manja mwa ana, ndipo inabwera ndi fomu ya masamba awiri. Wounika awerenge, alembe maganizo ake, kenaka achonge bokosi limodzi mwa awiri: Loyenera kapena Losayenera. Likakhala loyenera, wapampando wa komiti ya makolo angosainira basi. Likakhala losayenera, mamembala onse asanu ndi awiri a komitiyo aliwerenge, aliyense payekha, kuchokera kuchikuto mpaka kuchikuto, kenaka akumane n'kukambirana tsamba ndi tsamba. Yemwe analemba lamuloli, kulikonse komwe ali, anaonetsetsa kuti buku loipa liziwerengedwa ndi anthu ambiri kuposa labwino.

Wounika anali mayi Eneles, chifukwa ndi iwo okha pasukulupo omwe analibe kalasi yothawirako. Wapampando wa komiti anali amuna awo, a Pilato Mulipa.

Lolemba lina m'mwezi wa Juni, chiperoni chitaphimba phiri lonse, galimoto ya bungwe lina inatsitsa katoni. Ahedi anasainira, anajambulitsa chithunzi atagwira ngodya ya katoniyo ngati ainyamula okha, kenaka anaitumiza ku laibulale. Yemwe anaing'amba anali Diana, mphunzitsi wa Chichewa yemwe anangotuluka ku koleji chaka chathachi ndipo akadali ndi chizolowezi chosangalala ndi zinthu.

"Mayi Mulipa, lero ndiye kwabwera zenizeni. Zachikondi. Zazithunzinso."

"Zachikondi pasukulu?"

"Zophunzitsa, akutero. Taonani kumbuyoku, zizindikiro za mabungwe atatu. Chikondi chikakhala ndi mabungwe atatu kumbuyo kwake chimasanduka phunziro."

Anali mabuku makumi awiri ofanana, onyezimira, onunkhira inki yatsopano. Pachikuto panali mtsikana wa yunifolomu ataima pakati pa anyamata awiri, ndipo mutu wake unali wakuti Atatu Sakwana pa Njinga.

"Awa anajambula kalekale," anatero Diana. "Masiku ano pa njinga yamoto timakwana anayi, ndi thumba la chimanga lomwe."

Mayi Eneles sanaseke. Ankawerenga timawu ta m'munsi: Nthano zazithunzi za malemu Luckson Naphiyo, 1992 mpaka 1994. Zasindikizidwanso. Mulinso nkhani ina yomwe sinatulukepo ndi kale lonse.

Anakhala pansi. Mwamwayi mpando unali pomwepo.

Eneles anabadwira m'malaini a pa esiteti ya tiyi, mwana wachinayi wa mayi wotchola tiyi ndi bambo wolondera, onse ana a anthu omwe anawoloka kuchokera ku Mozambiki. Kunyumba ankakalipiridwa m'Chilomwe, kusukulu m'Chingerezi, kutchalitchi m'Chichewa, motero anakula ali mtsikana wosamala. Anali woyamba m'laini mwawo kufika ku sekondale. M'chaka cha 1992, ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, anyamata awiri anamufuna nthawi imodzi, ndipo iye, pokhala wosamala, sanakane aliyense.

Woyamba anali Pilato, yemwe anali atangolembedwa kumene ntchito ya pa sikelo ku esiteti, ndipo ankavala malaya ositidwa ngakhale Loweruka. Wachiwiri anali Luckson, wa m'kalasi mwake, yemwe patchuthi ankanyamula katundu wa alendo kukwera naye phiri kuchokera pa Likhubula, ndipo masiku ena ankalemba zikwangwani m'magolosale: mabotolo, nkhuku, mitu yometedwa bwino.

Pilato anamugulira wotchi ndi malipiro ake oyamba. Inali yachimuna, yolemera, ya lamba wachikopa yemwe anachita kumuboola bowo lina ndi msomali kuti akwane pamkono. Loweruka lina Eneles anauza aliyense kuti akupita kwa azakhali ake pa Nkando, koma anapita ku Likhubula ndi Luckson. Sanachite chilichonse choti abusa angachiitanire bwalo. Anadya nanazi, anakhala pamwala m'mbali mwa dziwe, Luckson n'kumamujambula m'kope la masamu. Kungoti Luckson ananena kuti sangajambule wotchi ya mwamuna wina. Eneles anaivula n'kuiika pamwala. Mwalawo unali ndi ndere. Wotchi inatsetsereka pang'onopang'ono, onse akuiona, mpaka chubwi. Madzi a pamenepo ndi akuya komanso ozizira ngati si a dziko lino. Luckson anadumphiramo kawiri, n'kutulukamo ndi milomo yotuwa basi.

Mawa lake Eneles anauza Pilato kuti basi itaima pa Nkando, munthu anapisa dzanja pazenera n'kuithothola wotchiyo. Pilato anakhulupirira. Patapita zaka zitatu anakwatirana, chifukwa Pilato anatumiza ankhoswe pomwe Luckson ankangotumiza zithunzi. Luckson anapita ku Blantyre, ndipo anamwalira mu 2003, atadwala nthawi yaitali, monga ankanenera masiku amenewo.

Bodzalo likanangofa lokha akanakhala mwamuna wina. Koma a Pilato ndi munthu wosunga zinthu. Kwa zaka makumi atatu ndi ziwiri, minibasi ikangoyamba kuchepetsa liwiro pa Nkando, iwo amatseka zenera, dzanja pathumba, n'kuyamba kufotokozera basi yonse zomwe anthu a pamalopo anachitira akazi awo. Sanagulepo ngakhale tomato mmodzi pamsika umenewo. Ndipo mnyamata woyamba kufunsira mwana wawo Jeni, mnyamata waulemu wophunzira zamagetsi, anangoti atchule kwawo kuti ndi pa Nkando, nkhani inathera pomwepo. Jeni analira mwezi wathunthu. Amake anamuphikira phala, anamusisita msana, koma zoona za wotchi ija sanaulule.

Lolembalo masana, ana atalowa m'makalasi, mayi Eneles anatseka chitseko n'kuyamba ntchito yomwe kumwamba kunawapatsa.

Nkhani zisanu zoyambirira ankazidziwa. Luckson ankazichita fotokope n'kumazigulitsa m'misika, timapepala totuwa topinda pakati. Zonse zinali chimodzimodzi: mtsikana mmodzi, anyamata awiri, wina wa njinga, wina wa mtima wabwino. Atsikana onse asanu anali ndi nkhope imodzi, koma fotokope ya nthawi imeneyo inkachitira anthu chifundo, nkhope iliyonse inkatuluka ngati mbatata. Tsopano mabungwe atatu anali atayeretsa zonse ndi makina. Kachipsera kodula nsidze yakumanzere, komwe mayi Eneles anakapeza atagwera pa waya wa esiteti ali sitandade 3, kankaoneka bwinobwino pa mtsikana aliyense, tsamba ndi tsamba.

Omwe anapaka mitundu, anthu a m'tauni, anali atachita zawo. Munda wa tiyi anaupaka chikasu ngati chimanga chouma. Onyamula katundu kuphiri anawaveka nsapato zamajombo. Kumapeto kwa nkhani iliyonse anawonjezera Mafunso Okambirana: Kodi mtsikanayu akanachita chiyani kuti apewe vutoli? Tchulani njira zitatu. Mayi Eneles analiyang'ana funsolo nthawi yaitali. Iwo anakhala akuliganizira zaka zonsezi ndipo anali asanapeze ngakhale njira imodzi.

Nkhani yachisanu ndi chimodzi, yosatulukapo ija, mawu oyamba a bukulo anati mphwake wa Luckson anaipeza m'sutikesi. Mtsikana wake anali Alefa. Wonyamula katundu anali Golden, wa mapewa ngati chitseko, zomwe Luckson mwiniwakeyo analibe. Wa pa sikelo anali Danieli, wa makutu akuluakulu, cholembera chili kuseri kwa khutu limodzi. Pa tsamba 40 Danieli akumuveka Alefa wotchi. Pa tsamba 44 pali nanazi. Pa tsamba 46 Alefa waima pamwala, waponya wotchi m'dziwe ndi dzanja lake, tsitsi likuuluka, ndipo pamwamba pa mutu wake, m'kabwalo ka mawu, muli zilembo zooneka bwino za munthu wozolowera kulemba pakhoma: Ndikamuuza kuti andibera pa Nkando.

Luckson anali wolemba zikwangwani, ndipo wolemba zikwangwani sapeka mawu. Umamupatsa papepala, iye n'kukopera monga alili. Chomwe anapeka n'chimodzi chokha, kuponyako, ndipo anapekera kumbali yoipa.

Lachiwiri lonse mayi Eneles analithera pa mabokosi awiri aja. Akachonga Losayenera, bukulo liwerengedwa ndi anthu asanu ndi awiri, tsamba ndi tsamba: amuna awo, mkulu wa mpingo, wa ku mzikiti, ndi mayi Esteri, omwe anali nawo kalasi imodzi mu 1992 ndipo saiwala kanthu kupatula zomwe abwereka. Akachonga Loyenera, bukulo lipita pa shelefu, ndipo ana a masiku ano sadziwa za wotchi. Patsala a Pilato okha kuti asaine.

Vuto linali pomwepo. A Pilato sasaina chinthu asanachipime.

Anagwira ntchito ku esiteti zaka makumi atatu, kuyambira pa sikelo mpaka kukhala kapitawo, asanawapumitse pomwe ankachepetsa antchito. Kapitawo sayang'ana tsamba lililonse m'dengu, nthawi yake palibe. Koma amadziwa zomwe wotchola aliyense amachita akatopa: masamba okhwima amawaponya pansi, pamwamba n'kuyalapo anthete, awiri ndi kansonga, osalala ngati a pachithunzi. Ndiye a Pilato ankapinda malaya, n'kupisa mkono mpaka m'chigongono, n'kutulutsa dzanja limodzi la pansi penipeni. Chizolowezicho anapuma nacho. Thumba la makala amalipisa. Mbale ya usipa amaivundula. Buku lamphatso salitsegula koyambirira, amalowetsa chala m'kati, chakumapeto, n'kuwerenga tsamba limodzi kapena awiri, kenaka n'kusaina. Bukuli linali la masamba 56.

Lachitatu anaganiza zobisa katoni yonse kuseri kwa mabuku a nkhosa. Koma ahedi anali atajambulitsa nayo, ndipo bungwe linati lidzabweranso kudzajambula ana akuwerenga. Anaganiza zong'amba tsambalo. Koma tsamba 46 kumbuyo kwake ndi 45, ndipo limalumikizana ndi lina chakutsogolo, ukang'amba limodzi awiri amagwa. Ali mkati moganiza, Diana anasuzumira pakhomo.

"Mwafika pa ya dziwe ija? Ine ndalira, mayi. Tsiku la makolo tipange sewero. Wa makutu uja ndamupeza kale mu Fomu 3."

"Buku silinavomerezedwe, aphunzitsi."

"Ndi inuyo ovomereza. Komatu mtsikanayo ndi mfiti. Wotchi ya mwiniwake, kuponya m'madzi dala?"

"Mwina sanaponye."

"Ajambula akuponya."

"Ojambula amawonjezera."

Diana anawayang'ana pankhope, penapake pamwamba pa diso lakumanzere, kapena mwina mayi Eneles anangoganiza choncho. Belu linalira, Diana n'kumapita. Kuyambira pamenepo mayi Eneles anatsitsa duku lawo mpaka m'nsidze, m'mwezi wozizira zinthu zotere sizidabwitsa.

Nzeru inawabwerera Lachinayi m'mawa, akutulutsa chidindo m'dilowa. Pasukulupo buku lililonse limadindidwa pawiri: patsamba loyamba, ndi pa tsamba 21, lomwe amalitcha tsamba lachinsinsi, kuti wakuba akang'amba loyamba agwidwe ndi linalo. Chinsinsicho mwana aliyense wa Fomu 1 amachidziwa sabata yoyamba. Chidindocho n'chozungulira, chachikulu, cha dzina la sukulu, bokosi la positi ndi chithunzi cha phiri pakati. Mayi Eneles anachiyeza pa kabwalo ka mawu a Alefa. Chinakwana ngati anapangira pomwepo.

Anadinda loyamba mwamphamvu, kawiri, inki yofiirira n'kumeza Nkando yense. Wotchi yokha yowuluka m'mwamba siinena za munthu, mawotchi ndi ambiri. Anadinda lachiwiri, lachitatu. Pa tsamba 21 sanadindepo, kusunga inki. Pofika pa buku lakhumi ndi chiwiri kasiponji ka inki kanayamba kuuma. Botolo linatha chaka chatha, ndipo pempho la lina linali pa tebulo la ahedi kudikira chidindo chomwechi. Anadonthezera timadzi. Zinathandiza mabuku atatu. Asanu otsalawo chidindo chinangokhala ngati mthunzi, zilembo za Luckson zikuonekera pansi pake, zakuda bii, chimodzichimodzi.

Sanaganize n'komwe. Manja anachita zomwe anaona manja a mayi awo akuchita madzulo aliwonse pamzere wa sikelo. Asanu ofookawo anawaika pansi pa katoni, odindidwa bwino pamwamba, n'kusalaza.

Kenaka analemba fomu. Pa funso lachinayi, lofuna chidule cha buku m'mizere itatu, analemba kuti: Nkhani zisanu ndi imodzi za achinyamata osadziwa kukana. Wojambula amadziwa manja, njinga ndi madzi, koma nkhope ya mtsikana ali nayo imodzi yokha, ndipo mnyamata wosauka amapambana nthawi zonse, zomwe sizichitika kawirikawiri. Pa funso lachisanu, la zofooka, analemba kuti tiyi si wachikasu. Pa lachisanu ndi chimodzi, la phunziro lomwe ana atolepo, analemba kuti bodza laling'ono limafuna kudyetsedwa tsiku lililonse, kenaka anafufuta n'kulemba kuti ana alimbikire sukulu. Funso lachisanu ndi chiwiri linali lakuti: Kodi anthu a m'bukuli ndi opeka? Inde kapena Ayi. Analidumpha. Pansi anachonga Loyenera.

Madzulo a tsikulo a Pilato anali pakhonde akupukuta nsapato za mawa.

"Amake Jeni, akuti mabuku abwerawa ndi a Luckson? Uja ankajambula nkhuku ngati akhwangwala?"

"Yemweyo."

"Mpaka mabungwe kumusindikiza. Munthu ukafa umakhala ndi luso." Anauzira nsapato. "Munali naye kalasi imodzi, eti?"

"Tinalimo ambiri."

"Muli zolaula?"

"Mulibe. Zachibwana basi. Mukhoza kungosaina, abambo ake Jeni, ndabwera nayo fomu."

"Kusainira pakhonde? Katundu ndisanamuone?" Anaseka pang'ono, osati mwankhanza. "Mwatsitsiranji duku chonchi, mutu ukupweteka?"

"Chisanu."

Lachisanu nthawi ya teni a Pilato anafika atavala jekete, cholembera chili kuseri kwa khutu. Anapereka moni kwa ahedi, anayendera zimbudzi za anyamata monga amachitira, kenaka analowa mu laibulale. Pasukulu amawatchula akazi awo kuti mayi Mulipa, ndipo iwo amayankha kuti awapampando.

"Katundu ali kuti, mayi Mulipa?"

Mayi Eneles anatenga buku la pamwamba n'kuwapatsa ndi manja awiri. A Pilato analilandira, analitembenuza, n'kuliika pa tebulo osalitsegula. Anayang'ana m'katoni. Mabuku anali atayalidwa mosalala, misana yonse mbali imodzi. Anavula jekete, n'kuikoleka pampando, n'kupinda mkono wa malaya.

Apa m'pomwe mayi Eneles anazindikira zomwe manja awo anachita dzulo. 

Mkono unalowa mpaka m'chigongono. Buku lomwe linatuluka linali la pansi penipeni. A Pilato anakhala pampando, anavala magalasi, n'kuyamba ndi tsamba 21, poti nambala imeneyo anaisankha ndi iwo mu komiti. Panalibe chidindo. Anakweza maso, n'kuwatsitsanso. Anayamba kupatula masamba ndi chala, kufunafuna komwe chidindo chathawira, ndipo anachipeza.

Kunja ana a Fomu 2 ankabwereza mokweza mayina a mitsinje. A Pilato anawerenga tsamba 46. Anabwerera pa 44. Anabwerera pa 40, pomwe anakhalitsa, ndipo dzanja lawo linakwera lokha n'kukachotsa cholembera kuseri kwa khutu. Kenaka anachita zomwe sanachitepo ndi buku lamphatso: anawerenga nkhani yonse mpaka pomwe Golden akukwera phiri atagwira Alefa dzanja, Danieli atatsala pa sikelo akuyeza dengu lopanda kanthu. Anawerenganso Mafunso Okambirana. Atatero anatenga buku la pamwamba lija, n'kutsegula pa 46, n'kuona inki yochindikala, kawiri. Anatsegula lina. Anatsegula linanso.

"Onse makumi awiri?"

"Onse."

"Inki inakutherani."

"Inatha."

Anakoka fomu n'kuiwerenga kuyambira pamwamba, milomo ikugwedera. Pa za tiyi wachikasu anagwedeza mutu kuvomereza. Atafika chakumunsi anaitembenuza n'kuikankhira kwa akazi awo, pamodzi ndi cholembera.

"Funso lachisanu ndi chiwiri mwalidumpha, mayi Mulipa. Fomu yosakwanira sindisaina."

Mayi Eneles anagwira cholemberacho. Chinali chofunda. Bokosi la Inde linali kumanzere, pafupi ndi dzanja, ndipo anadziwa kuti akachonga limenelo amuna awo asaina ndithu, avala jekete, ndipo nkhaniyi sidzatchulidwanso mpaka mmodzi wa iwo adzaikidwe. Anachonga Ayi. Pansi pake fomu inati: Ngati ayi, fotokozani. Yemwe anaikonza anasiya mzere umodzi ndi theka. Iwo analemba kuti: Sanaiponye. Inatsetsereka.

A Pilato anawerenga mawu awiriwo nthawi yokwanira kuwerenga tsamba lonse. Kenaka anasaina, siginecha yawo yonse ya michira itatu, n'kulemba deti. M'bokosi la ndemanga za wapampando analemba kuti: Chidindo chibwerere pa tsamba 21. Sukulu igule inki. Anavala jekete n'kutuluka, osatsanzika. Fomuyo inapita mu failo ya mu ofesi ya ahedi, komwe chinsinsi chimasungika bwino kuposa kwina kulikonse m'boma la Mulanje.

Kunyumba a Pilato anadya, anathokoza chakudya, anamvera nkhani pa wailesi. Za buku sanatchule. Mayi Eneles anadikira kukalipiridwa m'chilankhulo chilichonse mwa zitatu zija, koma sikunabwere, ndipo anaona kuti kudikirako n'kowawa kuposa kukalipiridwa.

Loweruka anali ndi ulendo wokonzedwa kale wokaona Jeni ku Limbe, komwe anakwatiwa ndi munthu wina wabwinobwino wa ku Zomba yemwe salankhula kwambiri. Anakwera minibasi pa Chinakanaka. A Pilato anakhala kuzenera monga mwa nthawi zonse. Njira yonse anangoyang'ana minda ya nandolo. Mayi Eneles ankawerenga milatho.

Minibasi inayamba kuchepetsa liwiro. Kondakitala anamenya chitseko, ogulitsa anathamangira m'mazenera ndi mabeseni. Mayi Eneles anayang'ana dzanja la amuna awo. Linali pabondo. Zenera linali lotsegula.

"Tomato, bambo, wa lero uyu, tomato."

A Pilato anamuyang'ana mayi wogulitsayo ngati munthu yemwe anakumana naye kalekale koma dzina lathawa. Anatulutsa chikwama poyera, pamaso pa Nkando yense, n'kugula mulu waukulu osanenerera. Sanapise n'komwe pansi pa beseni. Mayiyo anathira m'jumbo n'kuwonjezera awiri a basela.

Minibasi itanyamuka a Pilato anati, osatembenuka, "Wogulitsa wotchi uja anandiuza kuti siilowa madzi. Mwina ikuyendabe."

Mayi Eneles sanadziwe ngati aseke. Sanaseke.

Anadutsa mlatho wina, ndi malo oyimikira njinga, ndi ana onyamula nzimbe.

"Mnyamata wa zamagetsi uja, dzina lake anali ndani?"

"Hopewell."

"Hopewell," anabwereza a Pilato. "Ndinamusiya ataima panja. Mpando sindinamupatse."

Ananyamula jumbo ija n'kuiika pamiyendo pa akazi awo, mosamala, kuti tomato asaphwanyike.

"Uyu mukam'patse Jeni. Akafunsa komwe tagula, mukayankhe ndinu."

Ku Limbe kunali kukadali kutali ndithu. Mayi Eneles anagwira jumboyo ndi manja awiri, n'kukankhira duku lawo m'mwamba pang'ono, poti linali litayamba kuwathina.